A Takulandirani ndi Benchi Yakumbuyo

Dzina lawo lenileni linasiya kugwira ntchito kalekale. Ana a Sande sukulu, amayi a kwaya, ngakhale mkulu wokonza nsapato kunja kwa geti amene sanapondemo m'tchalitchimo, onse ankangoti a Takulandirani. Dzinalo analitolera pakhomo la tchalitchi, pomwe ankaima Lamulungu lililonse atavala suti yotuwa yonyezimira m'zigongono, kansalu kofiira katapingasa pachifuwa, manja onse awiri ali patsogolo ngati akulandira khanda. Iwo ndiwo anali mkulu wa maasha, anthu aja amene amakulonjera pakhomo n'kukupezera pokhala.

Amene sanaigwirepo ntchitoyi amaiona ngati kungomwetulira basi. A Takulandirani ankafika chitseko chikadali chokhoma. Ankapukuta mabenchi n'kutsegula mawindo, kuphatikizapo lija la kumanzere losatseguka pokhapokha ulimenye khofi pakona. Ankadziwa benchi yokhala ndi msomali wong'amba madiresi. Amayi oyamwitsa ankawaika pafupi ndi khomo lam'mbali, agogo osamva bwino pansi pa sipika, ndipo amayi awiri amene anakanganapo nkhani ya mwamuna ankawakhazika mwakuti maso awo asakumane mpaka ameni womaliza. Wowodzera sankamugwedeza. Ankangomupatsa buku la nyimbo mwaulemu, munthu n'kudzidzimuka yekha.

Luso lolongedza anthu analitenga m'basi, chifukwa pa unyamata wawo anali kondakitala. Kampani ya mabasiyo itagwa anagwirapo tintchito tina tosakumbukika, koma diso loyeza chiuno cha munthu ndi mpata wotsala pampando silinawachoke. Benchi imene maasha ena ankati yadzaza, iwo ankangoiyang'ana pang'ono.

"Mayi, chikwamacho chinabatizidwa?"

"Ayi, a Takulandirani."

"Ndiye chikhale pamiyendo. Pamenepo pakhale Mkhristu."

Koma panali lamulo limodzi limene sankachita nalo nthabwala: mlendo asakhale kumbuyo. Ankati munthu wobwera koyamba amathamangira benchi yomaliza ngati mbuzi yothawa mvula, ndipo ukamusiya pamenepo amatuluka wopanda womupatsa moni, osadzabweranso. Choncho alendo onse ankapita nawo ku benchi yachiwiri kutsogolo, ankawamata kaduwa ka pepala paphewa, kuti nthawi yake ikakwana aimirire, anene kumene achokera, mpingo uwaimbire, kenako akamwe tiyi m'kachipinda ka kuseri.

"Nanga akakana?" maasha atsopano ankafunsa.

"Kukana kwa mlendo ndi manyazi chabe. Akakana koyamba, mwetulirani. Akakananso, mugwireni dzanja. Mawa adzakuthokozani."

Loweruka masana ankawayesa. Iwo ankasanduka mlendo wamanyazi, kulowa mozemba n'kukakamira kumbuyo, asha aliyense n'kuyesa kuwasuntha. Amene anakhoza kuposa onse anali Mayi a Saluni, mayi wojintcha, wa mawu aakulu, amene anali atangosamukira m'tauniyo n'kutsegula saluni pafupi ndi msika. Iwo sanataye nthawi ndi kunyengerera. Anakoloweka mkono wawo mu wa a Takulandirani n'kuwayendetsa mpaka kutsogolo, mapazi akungokhudza pansi.

"Mayi inu, uku ndi kulandira kapena kumanga?"

"Mwafika kapena simunafike?"

"Ndafika."

"Basi, khalani pansi, mlendo wathu."

Benchi yomaliza ija, yopanda chotsamira, yoyandikana ndi chitseko, inali ndi mbiri yake imene Mayi a Saluni ndi ena obwera kumene sankaidziwa. Kale inali ya oimitsidwa, anthu amene mpingo wawapatsa chilango. Dzina likalengezedwa kugome, asha ankapita kukamutenga munthuyo pomwe wakhala n'kumuperekeza kumbuyoko anthu onse akuona.

A Takulandirani anali ndi anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi, womaliza, amene aliyense ankangomutcha Chitsiriza. Ankaimba m'kwaya, ndipo akayambitsa nyimbo ngakhale ana olira ankakhala chete. Anatenga mimba asanamalize sukulu. Mnyamata wake anasamuka msanga, ndipo dzina lake silinamveke kugome. Tsiku limene linamveka la Chitsiriza, maasha onse anayang'ana nsapato zawo. A Takulandirani anaima kanthawi, kenako anayenda okha pakati pa mabenchi mpaka ku kwaya. Mumtima ankati, ngati pali dzanja loti limutenge mwanayu, bola likhale la bambo ake, lipepukako. Anatambasula dzanjalo. Chitsiriza anavula mkanjo wa kwaya, anaupinda bwinobwino, anauika pampando, n'kuyenda patsogolo pawo osaligwira.

Miyezi yotsatirayo ankakhala pa benchiyo, mimba ikukula, bambo ake ataima pafupi penipeni akumwetulira aliyense wolowa. Mwana anabadwa, koma sanakhalitse. Chitsiriza sanadikire kuti akulu a mpingo amubwezeretse. Anapeza njira yopita kunja, kumene anakagwira ntchito yosamalira okalamba. Amayi ake, amene anasoka tinsalu tonse tofiira ta maasha pa makina awo, anamwalira iye ali komweko, ndipo mapepala ake sanali oti angatuluke n'kubwereranso. Maliro anawamvera pafoni, achimwene ake atakweza foniyo m'mwamba kuti amve nyimbo.

Zaka zinadutsa. Tchalitchi chinakula, anachiwonjezera mbali, kunabwera abusa achinyamata okonda maiki ndi magitala, ndipo za benchi ya oimitsidwa zinangofa zokha popanda wolengeza. Pansi pake ankasungapo matsache. Achimwene a Chitsiriza aja anakwatira kutali. A Takulandirani anasamukira m'kanyumba kakang'ono kutsidya kwa njanji, kumene kunalibe wa mpingo wawo ndi mmodzi yemwe.

Kumeneko ndi kumene Chitsiriza anawapeza tsiku lina masana, atanyamula chikwama chimodzi ndi jekete lolemera losagwirizana ndi dzuwa limene linali kunja. Boma la dziko lakunja lija linali litamugwira n'kumukweza ndege. Anali ataonda, atameta tsitsi, atavala magalasi. Bambo ake enieniwo anayamba amufunsa kuti, "Tikuthandizeni, mayi?" Atangoti, "Ababa," anangokhala pansi pakhonde.

Wobwera kuchokera kunja anthu amamuyang'ana kaye m'manja, kenako nsapato, nkhope pamapeto. Amafuna aone zimene zaka zonsezo zinabala. Chitsiriza ankadziwa zimenezi, ndiye sankatuluka. Bambo ake anamupatsa chipinda chawo, iwo n'kumagona pabalaza pafupi ndi makina osokera aja. Iye ankachapa, kuphika, kukolopa pokolopa kale. Ankathokoza chilichonse, ngakhale kapu ya madzi, ngati munthu wokhala kwa eni. Ankadya chiimirire kukhitchini, mothamanga, ngati pali wina amuitana posachedwa. Munthu akagogoda pageti ankalowa kuchipinda n'kukhoma.

A Takulandirani ankaona kuti mwanayu ali m'nyumbamo ngati mbalame yolowa mwangozi, yongofunafuna windo. Za tchalitchi sanamutchulire ngakhale kamodzi. Koma Lamulungu lililonse, akugwira chanza ana a eni, maso awo ankathawira kugeti. Mumtima ankati akangolowanso pakhomo limeneli, ine ndili pomwepa, zija zinathyoka pakati pathu zilumikizika, ndipo akhazikika, sachokanso.

Loweruka lina akusita kansalu kawo kofiira, Chitsiriza anaima pakhomo la khitchini.

"Ababa, benchi yanga ija ikadalipo?"

Anaimika simbi. "Benchi ilipo. Koma zija zinatha, mwana wanga. Pano pamangokhala ochedwa."

"Amayi ankakhala pati masiku omaliza?"

"Kumanja, pa windo lachitatu. Ankati pamadutsa kamphepo."

"Ndikakhala kumbuyoko ndingapaone?"

"Ungapaone."

"Ndiye ndibwera mawa. Koma mundimvetse. Musauze munthu, ngakhale abusa anuwo. Ndibwera ndekha, mapemphero atayamba. Ndikhala kumbuyo, ndituluka asanathe. Pasapezeke wondigwira dzanja. Inunso musandilonjere, mungondisiya ndidutse."

"Ngakhale kakuti takulandirani?"

"Makamaka kameneko."

Anaseka onse awiri, kuseka koyamba chibwerere Chitsiriza. A Takulandirani analonjeza. Zinkaoneka zosavuta: pakhomo lalikulu amaimapo ndi iwo, ndiye angoyang'ana kumbali mwana n'kudutsa. Kansalu kaja anakasita mpaka kanatsala pang'ono kupsa.

Kunacha ndi mvula. Tsikulo kunali mlaliki woitanidwa kuchokera ku mzinda wina, ndipo galimoto yake inachedwa. Nyimbo zotsegulira zili mkati, mkulu wa mpingo wina anabwera akuthamanga.

"A Takulandirani, alendo aja afika, koma galimoto yatitimira m'matope kuseri kwa geti. Abusa akuti mukawatenge inuyo ndi ambulera."

"Tumani wina. Ine pakhomo pano sindichokapo lero."

"Wina ndani? Mlendo wamkulu chonchi alandiridwe ndi ana? Abusa atchula inuyo."

Anayang'ana kumsewu. Kunalibe munthu, mvula yokhayokha. Ndi pafupi pomwepa, anadziuza, ndibwera asanafike. Anakodola Mayi a Saluni. Mawu anafika pakamwa, oti pakabwera mayi wa magalasi mumusiye akhale pamene akufuna. Koma Mayi a Saluni si munthu woti angamve zotere osafunsa kuti ndi ndani, ndipo iwo anali atalonjeza kusauza munthu. Anangoti, "Tandigwirireni pakhomo pano," n'kutsika masitepe.

Sizinali zapafupi. Mlalikiyo sanafune kuponda matope ndi nsapato zake zoyera, mkazi wake anali ndi chipewa chachikulu kuposa ambulera, panalinso makatoni a mabuku oti atsitsidwe asananyowe. Pamene ankabwerera pakhomo, suti itanyowa phewa limodzi, pa benchi yomaliza panali ochedwa awiri ndi mwana wogona. Mtima unakhala pansi. Chitsiriza sanafike, kapena mvula yamubweza.

Mayi a Saluni anawanong'oneza, nkhope ikuwala.

"Mwaphonya ntchito, abwana. Ndagwira nsomba yovuta lero. Kamayi kena ka magalasi, kuuma mutu kwake! Akuti ine pompano pandikwanira, chonde mayi ndisiyeni. Ndati kuno kulibe zimenezo. Mpaka anagwira benchi ndi manja awiri. Koma taonani uko."

Anatsatira chala chawo. Pa benchi yachiwiri kutsogolo, pakati pa mnyamata wa jekete la sukulu ndi bambo wina wadazi, panali mutu wometa uja, utawerama, kaduwa ka alendo kali paphewa.

Anaganiza zopita kukamutulutsa. Koma kuyenda pakati pa mabenchi, kukaima pa iye, kutambasula dzanja mpingo wonse ukuona, zinawakanika. Njira imeneyo anali ataiyendapo kale. Anaima pomwepo, madzi akudontha m'mphepete mwa suti, mpaka abusa anakweza mawu.

"Tsopano ndi nthawi ija timaikonda. Alendo athu, taimirirani tikuoneni! A Takulandirani, maiki."

Kupereka maiki kwa alendo inali ntchito ya mkulu wa maasha. Anayenda basi. Mnyamata uja anati wabwera kudzaphunzira. Bambo wadazi anati amusamutsira kuno kuntchito, ndipo analankhula motalika za ubwino wa Mulungu ndi kuvuta kwa nyumba za lendi. A Takulandirani analandira maiki n'kutembenuka kuti azibwerera.

"Aaa, a Takulandirani, ukalamba wayamba? Mwadumpha mlongo wathu apo!"

Anthu anaseka. Chitsiriza anali ataimirira kale, chifukwa mayi wina wa kumbuyo kwake anali atamukankha pang'ono mwachikondi. Anatenga maiki m'manja mwa bambo ake osawayang'ana.

"Ndachokera kunja," anatero motsitsa. "Ndikungodutsa."

"Kuno sitidutsa, timakhala!" anatero abusa. "Anakuitanani ndani, mlongo?"

"Ndabwera ndekha."

Nkhope inali itasintha, koma mawu aja atatuluka m'sipika anafika ku kwaya, kumene kunali amayi ena achikulire amene anaimbapo naye. Mmodzi anaimirira, dzanja lili pakamwa.

"Mayo ine! Si Chitsiriza uyu? Ndi Chitsiriza! A Takulandirani, mwana wanu!"

Zimene zinatsatira palibe amene anazichita ndi mtima woipa. Amayi a kwaya anatsika akulira, kumukumbatira, kumugwira masaya, kumuuza kuti waonda, kuti amayi ake anamutchula mpaka tsiku lomaliza. Abusa atanong'onezedwa nkhani yake ndi mkulu wa mpingo anagwetsa misozi yeniyeni, n'kuitanira bambo ndi mwana kutsogolo. Mlaliki wa nsapato zoyera anaika pambali ulaliki umene anakonza, nati Mulungu wamupatsa wina pompo. Anafotokoza za mtsikana amene anagwa, nathawa, nakavutika kudziko la eni, koma lero wabwerera pakhomo pa atate wake. Obwera kumene, amene sankadziwa kalikonse, anadziwa zonse tsiku limenelo, mpaka za khanda lija. Mafoni anali m'mwamba. Wina anakuwa kuti atiimbire, ndipo mpingo wonse unavomera ndi m'manja.

"Mawu anatha," anatero Chitsiriza, koma maiki inali itapita kale, ndipo anamva ndi bambo ake okha.

Anagwada pamene anamuuza kuti agwade. Anapita ku kachipinda ka tiyi, anamwa, anathokoza. Mayi a Saluni anamuwonjezera shuga akupukuta misozi ndi kansalu kawo kofiira, akuuza aliyense wolowa kuti pakanapanda iwo mwanayu akanazemba osaonedwa. A Takulandirani anali atanyamula thireyi ya makapu.

Pobwerera mvula inali itakata. Chitsiriza ankayenda patsogolo, bambo ake pambuyo ndi ambulera yopinda. Anthu ankawaimitsa kuwayamikira mpaka anawoloka njanji. Kunyumba Chitsiriza anachotsa kaduwa kaja, anakhala pansi, n'kuyamba kumasula nsapato.

"Anandiitana kugeti," anayamba a Takulandirani. "Ndinakana, koma..."

"Ndamva, Ababa. Mayi aja andiuza. Akuti munawaphunzitsa ndinu."

"Akanadziwa sakanatero."

"Akanadziwa akanandisenza pamutu." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mpweya. "Anthu anu ndi abwino. Vuto lake ndi limenelo. Woipa umatha kumukankha."

Anayang'ana nsapato yamatope ili m'manja.

"Kunja kuja kunali tchalitchi china chachikulu, chozizira, pafupi ndi kumene ndinkagwira ntchito. Amayi atamwalira ndinkapitako. Umalowa, umakhala pamene wafuna, umalira mpaka kumaliza. Palibe wokugwira paphewa, palibe wofunsa dzina."

"Ndiye pakhomo pamaima ndani?"

"Palibe."

Kwa a Takulandirani zimenezo zinamveka ngati chipatala chopanda namwino. Anafunsa china.

"Pa windo lachitatu unapaona?"

"Ndinali kutsogolo, Ababa. Ndikanacheuka bwanji anthu onse aja akundiyang'ana?"

Ntchito ya maasha sinkathera pa tiyi. Mkati mwa sabata mlendo ankayenderedwa kunyumba. Lachitatu masana a Takulandirani anamva nyimbo ikubwera mumsewu wawo. Anali Mayi a Saluni ndi amayi a kwaya, atanyamula buledi, shuga ndi mkanjo watsopano wa kwaya uli mu pulasitiki. M'nyumba, kiyi wa kuchipinda analira.

Anatuluka n'kukaima pageti, osatsegula.

"Odi kuno, abwana! Tabwera kudzaona mwana wathu."

"Lero ayi, amayi."

"Akudwala? Ndiye tafika bwino, timupempherere."

"Sakudwala. Sakufuna kuona anthu."

"Aaa, manyazi amenewo," anatero Mayi a Saluni, dzanja lili kale pageti. "Paja mumati akakana koyamba..."

"Ndikudziwa zimene ndimanena. Bwererani."

Mawuwo anatuluka mokalipa kuposa mmene anafunira. Nyimbo inazima. Mayi a Saluni anawayang'anitsitsa, ndipo pang'onopang'ono nkhope yawo inagwa, ngati akumbukira manja awiri aja atagwira benchi.

"Ine ndinalakwa, eti?"

"Munachita zimene ndinakuuzani."

Buledi ndi shuga anazisiya pamwamba pa mpanda. Mkanjo anabwerera nawo.

Chitsiriza anamva zonse ali pawindo. Tsiku lomwelo anatenga suti yotuwa ija n'kulimbitsa mabatani onse, ngakhale amene sanali kugwedera. A Takulandirani anayamba kuganiza kuti mwina zatheka. Koma kanema wa Lamulungu uja anali atazungulira kale m'mafoni. Oyandikana nawo, amene poyamba sankasamala kuti m'nyumbamo muli ndani, anayamba kubwera kudzabwereka machesi, maso ali ku khitchini. Ana ankasuzumira pampanda kuti aone mayi wa mu kanema. Mwezi usanathe, mnzake wina amene anali naye kunja anamupezera ntchito ku mzinda wakutali, yosamalira agogo ena m'nyumba ya anthu olemera.

"Sindikuthawa inu, Ababa."

"Ndikudziwa."

"Ndikungofuna kumene nkhope yanga ilibe nkhani."

Anakana kuperekezedwa ku depoti. Bambo ake anamunyamulira chikwama mpaka pageti, iye n'kuchilandira ndi manja awiri, n'kuthokoza.

A Takulandirani akadali asha. Tsitsi layera lonse, ndipo masitepe a tchalitchi amawakwera chammbali chifukwa cha mawondo. Lamulo lija likadalipo. Abusa amalikonda, amati kanema uja anabweretsa anthu ambiri, ndipo akamalalikira za chikondi amatchulabe tsiku limene mwana wa a Takulandirani anabwerera. Kuti anachokanso satchula. Mayi a Saluni anapempha kuti aziwaika ku tiyi. Maphunziro a Loweruka amachititsa ena, ndipo amaphunzitsa ndi mawu a a Takulandirani omwe aja, osaphonya ngakhale limodzi.

Chitsiriza amaimba foni Lamulungu m'mawa, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene eni nyumba amapita kutchalitchi kwawo n'kumusiya ndi agogo. Imakhala nthawi ya nyimbo zotsegulira, pakhomo pali piringupiringu. Ulendo woyamba foni inanjenjemera m'thumba iwo akugwira anthu chanza, ndipo anati ndimuimbira tikaweruka. Ataimba, sinayankhidwe. Panadutsa masabata asanaimbenso. Kuyambira pamenepo, ikangonjenjemera amasiya dzanja la munthu lili m'malere n'kuzungulira kuseri kwa tchalitchi, pa thanki ya madzi, chala chili m'khutu linalo.

"Muli kutchalitchi, Ababa? Ndikumva magitala."

"Ndili panja. Lankhula, mwana wanga. Agogo akowo adzuka bwanji?"

"Adzuka ndi mlandu. Akuti ndawabera mano."

"Ndiye wawabera?"

"Mano ali m'kapu, patsogolo pawo pomwepo. Akuti amenewo si awo, awo anali oyera."

Amaseka, iwo atatsamira thanki. Chitsiriza amawafunsa ngati akupaka mankhwala a mawondo, iwo amanama kuti akupaka. Funso loti ubwera liti analifunsa kamodzi kokha, ndipo foni inakhala chete mpaka anaganiza kuti yaduka. Pano amafunsa za agogo, za mvula ya kumeneko, za agalu a eni nyumba, chilichonse chimene chingatalikitse foniyo pang'ono.